Mpweya wa Alendo

Pali anthu ouma mutu amene amakukanira poyera, mumakangana, nkhani n'kuthera pomwepo. Oterewa ndi abwino. Ovuta ndi amene amakuyankha kuti "ndamva" akumwetulira, mutu atawerama pang'ono, manja ali kumbuyo, iwe n'kuchoka ukuganiza kuti wapambana. Bambo ake a mphunzitsi wina anali a mtundu wachiwiriwu, ndipo luso limeneli analiphunzirira pa ntchito.

Moyo wawo wonse anali woperekera zakudya mu hotela. Anailowa ntchitoyo ndevu zisanamere, n'kudzaisiya tsitsi lili mbuu. Kumeneko anaphunzira kunyamula thireyi ndi dzanja limodzi, kupinda kansalu ka pathebulo kuti kaime chilili, ndiponso kumuyang'ana munthu wokhuta amene akudandaula kuti supu wazizira n'kumuuza kuti "chabwino, bwana" mtima uli kwina. Pamsewu wawo panalibe amene ankawatchula dzina. Onse ankangoti a Takulandirani, chifukwa ndiwo mawu oyamba amene ankatuluka pakamwa pawo munthu akangogogoda, ngakhale wogogodayo akhale wodzawerenga mita ya madzi.

Vuto n'lakuti hotelayo sanaisiye kuhotela, anabwera nayo kunyumba. M'nyumba mwawo katundu yense anagawika pawiri, za alendo ndi za pakhomo. Za alendo zinali makapu oyera a mkombero wagolide otsekeredwa m'kabati, matawulo atsopano osakhudzapo madzi, ndi mpando waukulu wa pabalaza umene pulasitiki wake wa kusitolo sanachotsedwe. Za pakhomo zinali makapu othyoka zogwirira, tawulo loonekera kuseri, ndi kampando kamatabwa ka pakhomo la khitchini. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, mphunzitsi tikunenayu, anakula akuwaonera pagalasi makapu agolidewo. Akafunsa, yankho linali limodzi: "Alendo kaye." Mayi ake anaimenya nkhondo imeneyi mpaka kutopa. Anamwalira asanamwerepo tiyi m'makapu amenewo, koma pa maliro awo makapuwo anatuluka onse, anthu osawadziwa n'komwe malemuwo n'kumamwera. Mphunzitsiyo sanaiwale zimenezo, ndipo kunena zoona sanakhululuke bwinobwino.

Nyumbayo inali m'mphepete mwa msewu waukulu, pamalo pamene malole amasinthira giya pokwera chitunda. Lole iliyonse ikafika pamenepo inkatsokomola, utsi wakuda n'kulowa pazenera ngati wachita kuitanidwa. Kuseri kwa mpanda kunali bambo wowotcherera zitsulo, munthu wabwino mtima koma wautsi wosaneneka. Ukapukuta thebulo m'mawa, masana unkatha kulembapo dzina lako ndi chala. A Takulandirani ankangopukuta osadandaula. Fumbi la pathebulo ankaliona, koma la m'chifuwa mwawo ankati kulibe.

Mtima unayamba kuwavuta mwakachetechete. Poyamba linali befu pokwera masitepe a pakhonde. Kenako nsapato zawo zakuda, zimene ankazipolisha tsiku lililonse ngakhale kulibe kopita, zinayamba kukana mapazi. Tsiku lina mphunzitsiyo anawapeza akumanga zingwe za nsapatozo akupuma wefuwefu, ndipo anawatengera kuchipatala mochita kuwakoka. Anapita atamanga tayi. M'chipinda cha dokotala anakana kukhala pansi dokotalayo asanakhale, ndipo atafunsidwa kuti akumva bwanji m'thupi anayankha kuti, "Bwinobwino, zikomo kwambiri, kaya inu?"

"Ababa," anatero mwana wawoyo atakukuta mano, "tabwera kuno chifukwa simuli bwino."

"Adokotala ali ndi anthu ambiri pamzere. Tisawalemetse."

Dokotalayo, mayi wodekha wa magalasi, anawamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kuwadina mapazi ndi chala. Pamene anadinapo panatsala kadzenje.

"Mtima wanu watopa, bambo," anatero. "Mapilitsi awa muzimwa osadumphitsa, mchere muchepetse. Kodi mumakhala malo otani?"

Atamva za malole ndi za wowotcherera uja anapukusa mutu. Anafotokoza kuti mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'mapapo n'kukafika m'magazi, ndipo mtima wokalamba umavutika nato. Anati ngati kusamuka sikutheka, pali makina osefa mpweya wa m'nyumba. Si mankhwala ayi, koma angaupeputsire ntchito mtimawo, bola aziyaka nthawi zonse pamene iwo akukhala, mazenera a kumsewu ali otseka.

"Ndamva," anatero a Takulandirani, mutu atawerama pang'ono.

Mphunzitsiyo akanakhala wochenjera akanadziwiratu pomwepo. Koma munthu amene amati "chete!" kalasi yonse n'kuti zii amaganiza kuti dziko lonse ndi kalasi.

Makinawo anawagula sabata yomweyo. Anali oyera, otalika kufika m'bondo, okhala ndi timabowo m'mbali ndi batani limodzi pamwamba. Ukalidina batanilo kankayaka kagetsi kobiriwira, makinawo n'kuyamba kung'ung'udza chapansipansi. M'kati mwake munali sefa yopindapinda, yoyera mbee, imene wogulitsa anati ikada isinthidwe. A Takulandirani anachizungulira chinthucho manja ali kumbuyo, ngati akuyendera thebulo la ukwati.

"N'chokongola," anatero. "Chikhala pabalaza, pafupi ndi mpando waukulu."

"Chikhala kuchipinda kwanu, kumene mumagona."

"Chinthu chokongola chonchi n'kukachibisa kuchipinda? Anthu aziona chiyani?"

"Sindinagulire anthu, Ababa! Ndagulira mtima wanu."

"Usakuwe, Aphunzitsi. Kuno si kukalasi."

Dzina limenelo ankamuitana nalo akafuna kumupsetsa mtima, ndipo silinkalephera. Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza anagwirizana kuti makinawo akhale pabalaza, koma nawonso bambowo azikhala pabalaza pomwepo masana onse, osati pa kampando kawo ka kukhitchini, ndipo pogona chitseko cha kuchipinda chizikhala chotsegula.

"Osazimitsa, Ababa. Ngakhale pang'ono. Mwamva?"

"Ndamva."

Tsono mphunzitsiyo ankakhala kutali, mbali ina ya tauni, ulendo wosinthira basi. Anali ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo, makope ochonga, misonkhano ya makolo, mwamuna wake, ndi ana ake omwe. Kwa bambo ake ankapita akapeza mpata, ndipo mpata sunkapezeka chisawawa. Asananyamuke ankaimba foni, chifukwa a Takulandirani sankafuna munthu wongotulukira. Ankati ngakhale ku hotela munthu amayamba wasungitsa malo. Ndiye iye akafika ankapeza zonse zili m'malo mwake: makina akung'ung'udza, kagetsi kobiriwira kali ng'aning'ani, mazenera otseka, bambo ake ataima pafupi ndi mpando waukulu, shati yoyera yosita bwino.

"Takulandirani," ankatero.

Iye ankakhala pansi, kumwa tiyi, kuwerengera mapilitsi m'botolo ndi maso, kuyang'ana wotchi, n'kunyamuka mtima uli m'malo. Kusukulu ankawauza anzake kuti nkhalamba sizivuta, zimangofuna kuzilankhula molimba. Anzake a makolo ovuta ankamusilira.

Chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere. Mapazi aja sankaphwa, ndipo chifuwa sichinkatha. Iye anati ndi mchere basi. Anafufuza m'khitchini monse ngati wapolisi, analanda paketi ya mchere imene anaipeza kuseri kwa mapoto, n'kuwalalikira bambo ake za mchere mpaka pakamwa kuuma. Iwo anamvetsera ulaliki wonsewo ataimirira, n'kuthokoza.

Patapita miyezi ingapo anagula sefa yatsopano. M'basi muja ankakonzeratu phunziro lake. Ankafuna akatulutse sefa yakale yakuda bii, akaiike pamaso pa bambo ake, n'kuwauza kuti, "Mukuona? Zonsezi bwenzi zili m'chifuwa mwanu." Aphunzitsi amakonda phunziro lokhala ndi choonetsa. Atafika anamwako tiyi pang'ono, anazimitsa makinawo, anagwada, natsegula kachitseko ka kumbuyo.

Sefa inali yoyera mbee.

Anaitulutsa, naitembenuza, nainunkhiza. Anaiika pafupi ndi yatsopano ija. Akanazisakaniza sakanadziwanso yakale ndi iti. M'nyumba imene thebulo limada pofika masana, sefa ya miyezi ingapo inalibe ngakhale kadontho.

"Ababa, makinawa amayaka?"

"Sunawapeze akuyaka?"

"Ndikufunsa ine ndikachoka."

A Takulandirani anayamba kuwongola nsalu ya pathebulo imene inali yowongoka kale. Pamenepo m'pamene mphunzitsiyo anaona kuseri kwa mpando waukulu nsalu yopinda bwino, ya maluwa opeta pamanja, imodzi mwa zimene anasiya malemu mayi ake. Anaitambasula. Inali itasokedwa m'makona, muyeso wake wa makinawo ndendende.

"Ndimawafunditsa," anatero bambowo. "Kuopa fumbi."

"Kuopa fumbi!" Mawu anamuthawa n'kukagunda kudenga. "Makina odya fumbi mukuwafunditsa kuopa fumbi! Ababa, mukufuna ndipenge?"

"Chinthu chabwino chimasamalidwa, mwanawe. Ukamachigwiritsa ntchito tsiku lililonse chimatha. Ndimayatsa pakabwera alendo."

"Alendo ake ati? Anzanu a ku hotela ena anamwalira, ena miyendo inakana. Kuno amabwera ndani?"

Bambowo anamuyang'ana, kenako anayang'ana pathebulo. Naye anayang'ana. Tiyi wake anali pomwepo, akuzizira m'kapu yoyera ya mkombero wagolide.

"Iwe," anatero. Sananene mokwiya kapena modandaula. Ananena ngati akumuuza munthu kumene kuli kosambira m'manja.

Mphunzitsiyo anayesa kukumbukira tsiku limene anayamba kumwera m'kapu imeneyo, koma analephera. Kapu imene anaililira ubwana wake wonse anali akuigwira kwa zaka, osazindikira kuti wakwezedwa udindo wotani. Sefa ija inali idakali m'manja mwake. Inagwira ntchito pa maola okhawo amene iye anakhala pabalazapo, ndipo maolawo anali ochepa moti sanaidetse n'komwe. Anachita manyazi, ndipo monga zimakhalira ndi anthu a mtima wapachala, manyaziwo anatuluka ngati ukali.

"Ine ndine mwana wanu, Ababa! Ndinakulira m'nyumba muno!"

"Munthu amene amaimba foni asanabwere, amakhala chikwama chili pamiyendo, maso ali pa wotchi, ameneyo kwathu ku ntchito timati mlendo. Si kutukwana ayi. Mlendo timamulemekeza."

"Foniyo munati ndiziimba ndinu!"

"Ndipo iwe unamvera," anatero, n'kunyamula kapu ija kukaitsuka.

Kuyambira sabata yotsatira mphunzitsiyo anasintha moyo wake wonse. Akaweruka kusukulu ankakwera basi yolowera kwa bambo ake, choko chidakali m'zala, makope ali m'chikwama. Foni anasiya kuimba. Anadulitsa kiyi yakeyake. Mwamuna wake anaphunzira kuphika, ana ake anaphunzira kudya zimene waphikazo. Masiku oyamba zinthu zinayenda. Akangomva kiyi pachitseko, a Takulandirani ankathamangira kukavundukula makina, iye n'kumanamizira kuti sanaone. Ankachongera makope pabalaza mpaka dzuwa kupendeka, bambo ake akupuma mpweya wosefa pambali pake. Anayamba kuganiza kuti nkhondo yatha.

Tsiku lina analowa n'kupeza m'nyumba muli zii. Makina anali ofunditsidwa nsalu ya maluwa. Kabati inali yokhoma. Mazenera a kumsewu anali otsegula, utsi wa lole ukulowa mwaufulu. Bambo ake anali pa kampando kawo ka pakhomo la khitchini, atavala juzi yobowoka pachigongono, nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Pathebulo la kukhitchini panali kapu yothyoka chogwirira, yomwe ija ya ubwana wake.

"Wabwerera, mwanawe," anatero. "Tsache lili kuseri kwa chitseko. Ukatha kusesa utenthetse madzi."

"Nanga makinawa?"

Anamuyang'ana modabwa. "Kuli alendo?"

Mphunzitsiyo anakhala pansi pa simenti, chikwama chidakali paphewa, naseka mpaka misozi kutuluka, ndipo misoziyo itayamba sinalinso ya kuseka. Anali wokondwa kuti wabwerera kukhala mwana wa pakhomo, zimenezo sangakane. Koma taonani njakata yake. Akapanda kubwera, makina ozima. Akabwera tsiku lililonse, makina ozimanso. Bambo ake amupatsa kapu ya pakhomo n'kudzilanda okha mpweya.

Nkhondo imene inatsatira anthu oyandikana nawo akuikumbukirabe. Iye akayatsa n'kupita kukhitchini, phokoso lija linkazima asanafike pa sinki. Anamata batani ndi tepi. Iwo anazula pulagi. Anakankhira kabati kutsogolo kwa soketi. Mawa lake anapeza kabati yabwerera m'malo mwake, itakankhidwa ndi munthu wa mtima wodwala, ndipo anachita mantha moti sanayesenso. Nsalu ya maluwa anaibisa m'chikwama n'kupita nayo kwake. Iwo anatulutsa ina, poti malemuwo anapeta zambiri. Anawaopseza kuti akawaneneza kwa dokotala. Anawanyengerera ngati mwana wa kalasi yoyamba. Anawerengera mokweza zimene zinalembedwa pa bokosi la makinawo, mawu ndi mawu, chala chikuloza. Iwo ankamvetsera mwaulemu, n'kufunsa ngati angamuwonjezere tiyi.

Tsiku lina mtima utamukwera ananena mawu amene anawasunga kwa zaka.

"Amayi anapita osamwerako m'makapu anuwo. Nanunso mukufuna mupite osapumako mpweya wa m'nyumba mwanu momwe?"

Amenewo anawalasa. Anayang'ana kabati ya makapu ija. Kenako anati, "Ndamva." Iye anapita kwake akudziimba mlandu, komanso ali ndi kachiyembekezo. Mawa lake anapeza nsalu ili pamakina, m'makona mwake mwakokedwa bwino.

Ndiye anaganiza nzeru, ya mtundu uja umaoneka bwino uli m'basi. Ngati makina ndi a alendo, awabweretsera alendo. Anakapempha wowotcherera zitsulo uja kuti pa nthawi yopuma masana azidzakhala nawo pabalaza, ndipo bamboyo anavomera, chifukwa utsi wake unkamuchititsa manyazi. Anakoka aphunzitsi anzake Loweruka. Anaitana ngakhale mayi wogulitsa masamba amene ankadutsa ndi dengu. Nzeruyo inagwira. Makina ankang'ung'udza masana onse, mazenera otseka, kagetsi kobiriwira kali ng'aning'ani.

Chimene anaiwala n'chakuti pakakhala mlendo a Takulandirani sakhala pansi. Shati inkasitidwa m'mawa, tayi n'kumangidwa pakhosi lotupa. Thireyi inkapita kukhitchini n'kubwera, kupita n'kubwera.

"Khalani pansi, Ababa, ndithira ndine."

"Mlendo ali pansi, inenso ndikhale pansi? Ndiye hotela yake iti imeneyo?"

"Ino si hotela!"

"Ndi chifukwa chake iwe sungaiyendetse."

Wowotcherera uja ankakhala pa mpando waukulu ngati wakhala pa misomali, pulasitiki akulira pansi pake, kapu yagolide itasowa m'manja mwake mwa zipsera. Ankati, "Akuluakulu, khalani, ine ndakhuta," koma ankalankhula ndi khoma.

Loweruka lina masana a Takulandirani anatuluka m'khitchini ndi thireyi, naima pakati pa balaza. Nkhope inali itachita mbuu, thukuta lili kamukamu. Mphunzitsiyo anadzambatuka, koma iwo anamuletsa ndi maso. Anatsitsa thireyi pang'onopang'ono mpaka pathebulo, anawongola kasupuni kamene kanapendeka, ndipo atatha zimenezo m'pamene anagwa. Tiyi sanatayike ngakhale dontho. Wowotchererayo anawanyamula m'manja ngati mwana, nawagoneka m'galimoto yake yonyamulira zitsulo, mphunzitsiyo atawagwira mutu, akuwakalipira njira yonse chifukwa akanasiya kukalipa akanakuwa.

Kuchipatala anawatsitsimutsa. Atangotsegula maso bwinobwino anayamba kudandaula za kanyamulidwe ka mathireyi. Anati wobweretsa chakudya mu wodimo amanyamula ngati akunyamula njerwa, ndipo amaika mbale kumanja m'malo mwa kumanzere. Koma mwana wawo anaona kuti chakudya chikaikidwa patsogolo pawo sankadziwa koika manja. Munthu wokalamba chonchija, kutumikiridwa anali asanakuphunzire.

Dokotala wa magalasi uja atabwera ndi zotsatira, anamukodola mphunzitsiyo kuti akalankhule panja. A Takulandirani anatukula dzanja.

"Nenerani pompano, adokotala. Ndanyamulira anthu mbale moyo wanga wonse. Ndimaidziwa nkhope ya munthu amene wabweretsa chimene sichinaitanitsidwe."

Dokotalayo anakhala pamphepete pa bedi nalankhula mosazungulira. Anati mtimawo wafooka kwambiri ndipo sudzabwerera mwakale. Mankhwala adzauchirikiza, kupuma mokwanira ndi mpweya woyera zidzawathandiza kuti asamabanike, masiku awo akhale opepuka. "Koma sindingakulonjezeni nthawi yaitali, bambo," anatero.

Mphunzitsiyo anadikira mawu aja akuti "ndamva," mutu kuwerama, kamwetulira kaja. Sizinabwere. Bambo ake anangoyang'ana dokotalayo m'maso, kenako kudenga. Mawu amene ankamupsetsa mtima moyo wake wonse atasowa, anachita mantha kuposa tsiku limene anagwa.

Bambowo atatuluka m'chipatala iye anasamukira kunyumba kwawoko ndi kachikwama ka zovala. Za makina sananeneponso kanthu. Anali atatopa, komanso ankaona kuti kukangana ndi munthu amene wauzidwa mawu otere ndi nkhanza. Alendo onse anawaletsa. Tsiku limene anabwerera kusukulu anawasiya ali pabedi, mapilitsi ndi madzi zili pafupi, makina ali pabalaza ofunditsidwa nsalu yawo.

Madzulo ake, akukwera masitepe a pakhonde, anamva phokoso lija likung'ung'udza m'kati. Magazi anamuwira. Ndani wopanda nzeru amene wabwera kudzacheza kwa munthu wodwala chonchi? Ndiye kuti aimirira, amanga tayi, anyamula thireyi! Anapotokola kiyi mwaukali. Anakankha chitseko mawu okalipa ali kale pamlomo.

Pabalaza panalibe mlendo aliyense. Bambo ake anali atakhala pa mpando waukulu. Pulasitiki uja anali atachotsedwa, wapindidwa bwino n'kuikidwa pakona. Mapazi awo otupa anali atasanjika pa kampando kamatabwa, tawulo latsopano lili pamiyendo. Mazenera a kumsewu anali otseka. Kabati inali yotsegula, ndipo patsogolo pawo panali kapu yoyera ya mkombero wagolide, yopanda kanthu, pambali pake pali thipoti. Makina anali pafupi ndi bondo lawo, kagetsi kobiriwira kakuyaka.

"Kwabwera ndani?" anafunsa akuyang'ana kukhitchini.

"Palibe."

"Nanga zonsezi?"

"N'za alendo."

"Ababa, ndatopa. Chonde musandizungulitse mutu."

"Sindikukuzungulitsa. Sunawamve adokotala aja?" Anaseweretsa kapu ija ndi zala. "Mlendo ndi mame, mwanawe. Ndakhala ndikuganiza pabedi paja, ndaona kuti ndisamadzinamize kuti ndine wa pakhomo. Ndiye ndati ndilandiridweko." Anainyamula kapuyo naiyang'ana pa kuwala. "Ndi opepuka makapuwa. Mayi ako akanawakonda."

Mphunzitsiyo anaima pomwepo chikwama chili m'manja. Kumapeto kwa thebulo, malo amene ankachongera makope, anaona kuti amuikira kapu yake yothyoka chogwirira.

"Thipotiyi yandilemera," anatero bambowo. "Ndafika nayo pano, koma kuitukula yakana. Tandithirire."

Iye sanapite ku thipoti. Anapita ku makina. Miyezi yonseyi ankamenyera nkhondo phokoso limeneli, anakalipa, anabisa nsalu, analira m'basi, ndipo tsopano likulira lokha osakakamiza munthu, iye ankalida ndi mtima wake wonse. Ankafuna kulizimitsa, kufunditsa nsalu ya maluwa, kutsekera makapu m'kabati, kuwabweza bambo ake pa kampando kawo ndi juzi yawo yobowoka, akhale a pakhomo, ouma mutu, osachoka. Chala chake chinafika pa batani.

"Asiye, Aphunzitsi," anatero a Takulandirani, maso atatseka, akukoka mpweya pang'onopang'ono mpaka pansi pa chifuwa. "Mpweya wake ndi wabwino. Unkanena zoona."

Anachotsa chalacho. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, choko n'kutsala patsaya, nanyamula thipoti.

"Kumanja," anatero bambo ake osatsegula maso. "Tiyi mlendo amamuthirira kumanja."

Mwana wawoyo anazungulira kuseri kwa mpando, naima kumanja kwawo, dzanja limodzi kumbuyo, mutu atawerama pang'ono.

"Ndamva, Ababa," anatero.